Tsiku Limene Dalitso Anandipukusira Mutu

Ana inu, kokerani mphasa kuno kumthunzi, ndipo mafoniwo muwavundikire pansi. Taonga, mtedza tikuswawu ndi wambewu, si wamkamwa mwako. Dzulo ndinakumvani mukuseka mkono wanga uwu, ati ambuye akafuna kuloza kumsewu chala chimaloza kukhola la mbuzi. Sekani, ndinu ana. Koma mkono wokhotawu unandidyetsa zaka zambiri mu Lusaka, ndipo mwini wakeyu anatsala pang'ono kukulepheretsani kubadwa. Inde, ukwati wa atate anu ndi amayi anu unakanidwa poyamba, mbale zinabwezedwa, ndipo anthu amati chifukwa chake ndinali ine. Ine mpaka lero sindivomereza. Mumve nkhani yonse kenako muweruze nokha.

Kuno ku Chinyunyu ndi kwawo kwa ambuye anu aakazi, ine ndinabwera chikamwini. Kwathu ndi ku Shikabeta, kumunsi uko kumene dzuwa la Okutobala limakuwotcha ngakhale uli m'nyumba. Sukulu yanga yeniyeni inali nsanja ya kumunda. Chimanga chikayamba kukhwima, mwana wamwamuna ankakhala pansanja tsiku lonse kupirikitsa anyani. Inu anyani mumawaonera pawindo la minibasi atakhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira wachibale. A kwathu sankadikira munthu. Amalume anandipangira malegeni, koma mphira wake unkangoduka, ndiye ndinayamba kuponya ndi dzanja: miyala, zibuma, mateme osapsa. Nyani ndi wochenjera, akaona mwala ukubwera mowongoka amangoweramitsa mutu n'kupitiriza kudya. Choncho ndinaphunzira kuupotoza mwala ndi zala kuti uchoke ngati ukupita kwina, kenako ukhote n'kukamupeza kuseri kwa phesi. Sindinkadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kuli anthu amene amalipidwa chifukwa cha zomwezo.

Lero inu mukafuna kupita ku Lusaka mumangoima pamsewu n'kukweza dzanja, kondakitala akukukokani kale malaya. Ife tinkayenda pansi kuchokera ku Shikabeta mpaka kumsewu waukulu, kamba wathu ali mbatata yootcha ndi chigubu cha munkoyo, chakumwa chathu chija chonga thobwa. Basi ya boma inkabwera tsiku limene yafuna, itadzaza kale anthu ndi nkhuku kuchokera ku Chipata. Ine ndinatopa kudikira ndipo ndinakwera pamwamba pa lole ya makala. Nditatsika m'tauni, msuweni wanga amene anabwera kudzandichingamira anandidutsa akundifunafuna, ine ndikumuyang'ana.

Msuweniyo anandipezera ntchito yosesa pafakitale ina yopanga mabatire. Tsiku lina masana ndinaika banzi langa pakhoma kuti ndisambe m'manja, khwangwala n'kulinyamula. Anakatera padenga la nyumba ya mlonda, kutali ndithu, n'kuyamba kudya akundiyang'ana. Ndinatola batire lakufa n'kuliponya mwa kwathu. Khwangwala anapulumuka, koma banzi analisiya pamodzi ndi nthenga za kumchira. Kumbuyo kwanga kunali bwana wina wamfupi wochokera kutsidya kwa nyanja, wopereka moni powerama, amene tinkangomutcha Ba Magalasi. Ndinkayesa kuti ntchito yatha. Iwo anangondigwira mkono, kuutembenuza uku ndi uku monga muchitira pogula mbuzi, n'kundiuza kuti mawa ndisabwere ndi tsache.

Anandiika m'timu ya kampani imene iwo ankaphunzitsa, ndipo masewera ake ndi besibo. Musati mukuwadziwa, inu mumadziwa mpira wamiyendo wa pa TV basi. Munthu mmodzi amaima pakachulu pakati pa bwalo n'kumaponya mpira wolimba wachikopa. Wina wa timu inayo amaudikira ndi chibonga. Kumbuyo kwa wachibongayo kumanyonyomala wowakha, atavala gulovu ndi chigoba cha kumaso. Mpira wabwino uyenera kudutsa pakati pa mawondo ndi chifuwa cha womenyayo, ndipo akauphonya katatu watuluka. Akaumenya amathamanga kuzungulira mabesi, malo anayi opondapo, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye chigoli. Koma woponya akaponyera kumbali kanayi, womenyayo amapita pabesi yoyamba mwaulere, chibonga chake osachigwiritsa ntchito.

Pamapepala a kampani anandilemba kuti ndine wosunga katundu, koma nyumba ya katunduyo sindinaione mkati mwake. Ntchito yanga inali mkono. Anandipatsa kachipinda ku komboni, yunifomu yoyera ya mizeremizere, ndi mkaka tsiku lililonse, anzanga a m'fakitale akumwa tiyi wakuda n'kumanditukwana chamumtima. Kumapeto kwa sabata tinkakwera sitima kupita Kumigodi kukasewera ndi matimu a kumeneko. Pa siteshoni ya Kapiri tinkagula chikanda kudzera pawindo, ndipo sitima ikanyamuka wogulitsayo asanabweze mbale ya munthu, ndine ndinkaitanidwa kuti ndiponye uthenga womangirira pamwala. Anthu anandipatsa dzina loti Malegeni. Ndikamakwera pakachulu bwalo lonse linkaliimba, ndipo ine mwana wa ku Shikabeta ndinkayenda ngati nsapato zanga zili ndi masipuling'i. Ambuye anu aakazi anandionera kumeneko, ngakhale iwo amati anabwera kudzagulitsa mabanzi chabe.

Ba Magalasi anali ndi lamulo limodzi: woponya saganiza. Kochi amaima pambali n'kugwira chipewa, khutu, kapena mimba. Wowakha amaona zimenezo n'kutambasula zala pansi pa gulovu, chala chimodzi kutanthauza mpira wowongoka, ziwiri wokhota. Woponya ali ndi ufulu wopukusa mutu ngati sakugwirizana nazo, koma ine zaka zonse zimene ndinasewera mutu wanga sunapukusikepo. Kumigodi kunali chimunthu china cha mapewa ngati chitseko, chimene chikaugunda mpira ana ankakautola kumsika. Chikangonyamula chibonga, Ba Magalasi ankagwira chipewa, khutu ndi mimba zonse pamodzi, kutanthauza kuti muponyere kumbali kanayi, apite pabesi mwaulere, tilimbane ndi wofooka amene akubwera pambuyo pake. Anthu ankakuwa kuti ndife amantha. Ife tinkakwera sitima titawina, tikudya chikanda.

Mkono si chitsulo. Chigongono chinayamba kulira pang'onopang'ono, ine n'kumachimanga ndi nsalu yonyowa osauza munthu. M'mawa wina ndinafuna kupesa tsitsi, chipeso chinafika pakhutu n'kuima pomwepo. Ndinalira tsiku limenelo, ana inu, munthu wamkulu wa ana awiri, chifukwa ndinadziwa kuti Malegeni watha. Pasanapite nthawi inafika nyengo ija makampani ankagulitsidwa, fakitale yathu n'kutsekedwa, Ba Magalasi n'kubwerera kwawo. Anzanga ananyamula mipando ndi mawilibala. Ine ndinanyamula chikwama cha magulovu, zibonga ndi mipira, ndipo ambuye anu aakazi sanandilankhule kuchokera ku Lusaka mpaka pa Chongwe.

Kuno tinayamba kulima ngati aliyense. Chikwama chija chinakhala pansi pa bedi mpaka tsiku limene ndinapeza ambuye anu akuchotsa mazira pansi pa nkhuku yolusa atavala gulovu yanga. Ndinaona kuti zinthuzi zikapanda kubwerera pabwalo zithera kukhola. Ndinalambula malo aja pafupi ndi kasupe wathu wa madzi otentha, kudzaza mchenga m'matumba a feteleza kuti akhale mabesi, ndi kusalaza kachulu kamene kanali pakati pomwe. Ndinavala chipewa changa cha timu n'kukhala Ba Kochi.

Kuponya ndi kumenya ana anaphunzira msanga. Chimene chinandivuta ndi ulemu. Mwana akawakha mpira, m'malo mondiponyera, ankayenda bwalo lonse, kugwada, n'kundipatsa ndi manja awiri, chifukwa kwawo anamuphunzitsa kuti kuponyera munthu wamkulu chinthu ndi chipongwe. Lamulungu masana akuluakulu ankalowa nawo. Mnyamata wamenya bwinobwino, wathamanga, koma pabesi yoyamba wapeza paima amalume ake. Waima chapatali, wavula chipewa, wawomba m'manja, "Mwachoma bwanji amalume?" Amalume nawo ayankha, afunsa za amake ndi za mbuzi yodwala ija, mpira wafika kalekale. Ndinkakuwa mpaka mawu kutha. Pomaliza ndinalamula kuti moni wonse uziperekedwa masewera asanayambe, ndipo tinkataya theka la masana tili pamzere kupatsana moni.

Woponya wanga wabwino kuposa onse anali atate anu. Ndimutchula dzina, Dalitso, chifukwa ndinamubala ndine. Mkono anatengera ine, ndipo ndinamulera mwa Ba Magalasi. Ndikagwira chipewa ankabwera. Ndikagwira khutu ankakhala pansi. Kutchalitchi, kumsika, kumaliro, ine sindinkafunika kutsegula pakamwa. Anthu ankandiyamikira kuti ndili ndi mwana womvera, ndipo ine ndinkanyada nazo. Anakula, ndevu zinamera, munda wake anali nawo, koma ngakhale pogula malaya ankayamba wandiyang'ana. Ine sindinkaona vuto, malaya amene ndinkamusankhira anali abwino.

Vuto linali loti mpira wa Dalitso unalibe wouwakha. Anyamata ankauthawa, amene ankalimba mtima ankapita kwawo zala zitatupa. Ndiye dera lathu lino la Rufunsa linakhala boma, antchito a boma n'kuyamba kubwera ndi mabedi awo pamalole. Pakati pawo panali namwino wina wa ku Kabwe, mayi wamasiye wathupi lake, wolankhula kamodzi, amene tinkamutcha Bana Mwila, ndiye kuti amake Mwila. Ndi ambuye anu a ku Kabwe amenewo, musawauze kuti ndati athupi lawo. Mwana wawo Mwila, amayi anu, anali atamaliza sukulu, akugulitsa tomato pamsewu podikira malo ku koleji. Tsiku lina anaima pambali pa bwalo kuonerera anyamata akuthawa mpira. Anatola chigoba, kuchivala, kunyonyomala, n'kunena kuti, "Ponya tione." Mpira unalira m'gulovu, iye osaphethira. Kuyambira pamenepo awiriwo ankakhala masana onse akuyang'anana, wina akutambasula zala, wina akugwedeza mutu. Ine ndinkati timu ikulimba, ambuye anu aakazi ankangondiseka.

Nthawi ya dzinja Dalitso anadzitema ndi khasu paphazi, ine n'kumuperekeza kuchipatala. Tinapeza Bana Mwila ali pantchito. Anamukhazika pabenchi n'kumufunsa kuti, "Chibaba pati maningi?"

Dalitso anandiyang'ana.

"Pafupi na chala chachikulu," ndinatero ine.

"Nyeleti uyopa?" anafunsanso Bana Mwila, akuloza jakisoni.

Dalitso anandiyang'ananso. Ine ndinagwira khutu, iye n'kuyankha kuti sayopa.

Bana Mwila anaika thonje pansi. "Ba Kochi, mwendo ni wake olo ni wanu?"

Ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Iwo sanaseke, anangomanga bala n'kuitana wotsatira.

Titakolola, Dalitso anandiuza kuti akufuna Mwila, ine n'kuvomera. Tinatuma ankhoswe ndi mbale zovundikira monga mwa mwambo wa kwawo kwa mtsikana. Mbale zinagona kumeneko, kenako zinabwerera zili chivundikirire. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo uno, pamene wakhala Taonga apo, n'kutifotokozera mawu a Bana Mwila osachotsapo kanthu: "Mnyamata sinimukana. Samwa, sabema, alima. Koma mwana wanga akangena muja azakwatiwa na bantu babili, winangu wovala chipewa. Nifuna mkamwini wamene ali na mutu wake."

Dalitso anasiya kudya. Pabwalo ankaponya ngati akuponyera nkhuku chimanga. Mwila anapatsidwa malo ku koleji ku Kabwe, ndipo amake ananena poyera kuti akapita wapita, sabweranso kuno. Ine ndinauza mwana wanga kuti asadandaule, ndiganiza chochita. Ambuye anu aakazi anati chimenecho ndiye chimene chabweza mbale.

Antchito a boma aja anali atatopa ndi kukhala chete Loweruka, ndiye anapanga timu yawo: aphunzitsi, apolisi awiri, alangizi a zaulimi. Anabwereka zibonga kwa ine ndemwe, kenako anatiitana kuti tidzayesane, kutatsala sabata kuti Mwila anyamuke. Ndinamva kuti Bana Mwila nawo alowa timu, ndinaseka. Wina anandinong'oneza kuti ali mtsikana ankasewera mpira wofanana ndi womwewu kusukulu ya asisitere Kumigodi, ndipo mawindo a sukuluyo ankawadziwa. Ndinapita kukabisala kuseri kwa mpanda kuti ndione akuyeserera. Nditaona mmene anagwirira chibonga, ndinakumbukira chimunthu cha mapewa chija.

Ambuye anu aakazi anali ndi nkhawa ina. Anati mbale zikangolowa m'nyumba ya munthu, kaya zabwezedwa kaya ayi, ameneyo ndi apongozi basi. Inu lero mumaona atate anu akujambulitsa pafoni ndi ambuye anu a ku Kabwe, mapewa atagundana. Kwathu kuno mkamwini akakumana ndi apongozi aakazi panjira ankapatukira kutchire, maso pansi. "Manje imwe mufuna mwana wanga aimilile pachulu, ayang'ane apongozi kuchokera pamawondo kufika pachifuwa, pamaso pa mudzi wonse, na kuwatema chinthu?" Ndinawauza kuti asade nkhawa, besibo ili ndi njira yake yopatukira kutchire.

Tsikulo kunatentha, koma anthu anabwera ngati kuli msonkhano wa feteleza. Woweruza anali akatekisiti athu, chifukwa ndi okhawo amene mbali zonse zinkawakhulupirira. Bana Mwila anabwera atavala buluku la masewera, pamwamba atamanga chitenje mpaka kuakakolo. Akatekisiti anayang'ana chitenjecho, anayang'ana kumwamba, n'kulengeza kuti iwo ndi munthu wa mpingo, mawondo a mayi sangawafunefune, aweruza mongoganizira.

Ulendo woyamba Bana Mwila atanyamula chibonga, ndinagwira chipewa, khutu ndi mimba. Mwila anaimirira n'kutambasulira gulovu kumbali. Dalitso, maso ali pansi, anaponya kanayi kutali ndi apongozi, ndipo amayi a m'mudzi anawomba m'manja kuti mwanayu analeredwa. Bana Mwila anayenda kupita pabesi yoyamba chibonga chili kukhwapa, akundiyang'ana njira yonse. Ulendo wachiwiri tinachita chimodzimodzi. Apo antchito a boma anayamba kukuwa kuti ndife amantha, ndipo ine mumtima ndinasangalala, chifukwa nyimbo imeneyo ndinkaidziwa mathero ake.

Tinafika kumapeto tili patsogolo ndi chigoli chimodzi. Tinkangofunika kutulutsa munthu mmodzi kuti masewera athe. Iwo anali ndi mphunzitsi wina ataima pabesi yachiwiri, ndipo wobwera ndi chibonga anali Bana Mwila. Pambuyo pawo pankabwera kalaliki wina woonda amene ankatsinzina mpira ukamabwera. Ngakhale mbuzi ikanadziwa chochita. Ndinaima pafupi ndi besi yachitatu n'kugwira chipewa, khutu ndi mimba.

Mwila anandiona bwinobwino. Sanaimirire. Ananyonyomala, kumenya gulovu ndi chibakera, n'kutsitsa chala chimodzi.

Ndinayesa kuti mwina dzuwa lamuthobwa m'maso, ndiye ndinabwereza, mwamphamvu mpaka chipewa chinapendekeka. Dalitso anandiyang'ana, anayang'ana gulovu, anandiyang'ananso. Ambuye anu aakazi anakuwa kuchokera pakati pa amayi kuti, "Dalitso, maso pansi." Bana Mwila anangogogoda chibonga pansi.

Kenako mwana wanga anandiyang'ana m'maso n'kupukusa mutu. Anapukusa pang'onopang'ono, mwaulemu, koma mudzi wonse unaona. Mtima unandiwawa, ana inu, sindikubisirani. Anatsitsa chipewa chake mpaka pamphuno kuti chimubisire apongozi, aziona gulovu yokha, n'kukweza mwendo.

Mpira woyamba sindinauone, ndinangomva kulira kwa gulovu. Bana Mwila anazungulira ndi chibonga chawo, chitenje n'kumasuka pang'ono. Wachiwiri chimodzimodzi. Akatekisiti anaiwala za mpingo n'kuyamba kudumpha. Ine mkwiyo unayamba kusungunuka, chifukwa mipira imeneyo inali yanga, ya ku Shikabeta, ndipo sindinamuonepo akuponya choncho. Ndinaiwala zizindikiro zonse n'kukuwa ndi pakamwa kuti, "Manje wokhota, mwana wanga, wokhota."

Mwila anatsitsa chala chimodzi. Dalitso sanatembenuke n'komwe.

Kulira kwa chibonga chija ndimakumvabe. Mpira unakwera, unadutsa pamwamba pa mnyamata wathu wakumapeto, unadutsa mbuzi, unadutsa bango, n'kukagwera m'madzi otentha muja mmene alendo amayeseramo kuphika mazira. Unali mpira wathu wabwino womaliza. Ana anakauvuula ndi ndodo utakwinyika, ulusi uli panja.

Mphunzitsi uja anathamanga n'kugoletsa. Bana Mwila sanathamange. Anayamba amanga bwino chitenje, kenako anayenda kuzungulira mabesi monga amayendera m'chipatala, kuponda thumba lililonse bwinobwino. Akudutsa kumbuyo kwa kachulu, Dalitso anatsika, kuvula chipewa, kugwada atayang'ana kwina. Atafika pabesi yachitatu anaima pamaso panga, akupuma mwamphamvu.

"Ba Kochi, munamuuza kuti aponye kumbali?"

"Ninamuuza."

"Anamvela?"

"Mwaona mweka."

Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Zija mbale mukali nazo?"

"Zilipo."

"Bauzeni bankhoswe babwele pa Chiwelu. Ku koleji azayenda, koma azayenda ali na mwamuna womuyembekeza." Atatero anapita kukaponda besi yomaliza, timu yawo n'kuwina.

Ndinafuna kuti mwana wanga amve uthengawo kuchokera kwa ine, ndiye ndinagwira chipewa kuti abwere, monga ndinkachitira kuyambira ali wa kabudula wong'ambika. Sanaone. Anali kumbuyo kwa Mwila akumumasula zingwe za chigoba, awiriwo akukangana chapansipansi za mpira womaliza uja. Ndinaima pamenepo dzanja lili pachipewa, anthu akundidutsa uku ndi uku, mpaka ambuye anu aakazi anabwera n'kulitsitsa okha. Anati, "Tiyeni kunyumba, atate ake Dalitso, chikwama ninyamula ndine."

Ngati amayi anu anasankhira dala mpira umene amake amaukonda, kawafunseni nokha, ine ndinawafunsa ali mtsikana ndipo yankho ndikulidikirabe. Koma pa nkhani ya besibo wolondola ndinali ine. Tikanaponyera kumbali kanayi, kalaliki uja akanatsinzina katatu, ife n'kuwina, ndipo mpira wanga ukanakhalapo mpaka lero. Ndimawauza zimenezi ambuye anu a ku Kabwe nthawi iliyonse akabwera kudzacheza, ndipo sanditsutsa. Amangokuitanani atatu nonse, kukukhazikani pamphasa patsogolo panga, n'kundifunsa kuti pa atatuwa abweze uti.